Mabwinja a ku Lifuwu ndi Diso la Kamera

Munthu wokulira kumudzi sadikira kuona khoma kuti adziwe kuti wafika pa bwinja. Mitengo ndiyo imamuuza. Akaona mitengo ya mango itatu kapena inayi itazungulira malo opanda nyumba, pakati pake pali kamtumbira kosakhala chulu, ndipo m'dothi muli mapale ndi mafuwa odetsedwa ndi mwaye, amadziwa kuti pamenepa panali khomo la anthu: panafuka utsi, panalira mtondo, panakwawa ana. M'mphepete mwa nyanja ku Salima, kuyambira ku Senga Bay, kudzera ku Lifuwu mpaka kukafika ku Domira Bay, malo otere ngosasowa, ndipo ena sanafike posanduka mtumbira. Akadali ndi chipupa chimodzi kapena ziwiri, chitseko chopendekeka, nsanamira za khonde zimene zikuchirikiza mphepo yokha chifukwa denga linagwa kalekale. Timawadutsa popita kudoko kapena kusikimu ya mpunga osacheuka n'komwe. Tsopano popeza pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi foni yotha kujambula, yakwana nthawi yoti tiziima, tipemphe chilolezo, tiwajambule makomo amenewa thengo lisanawameze. Koma kujambula kwake kukhale kwa mboni, osati kwa mlendo wongosirira. Chithunzi cha nyumba yakugwa chimene sichinena kuti nyumbayo inali ya yani, inali pati, ndipo chinatengedwa liti, nachonso ndi bwinja: chilipo, koma mulibe munthu.

Lifuwu ndi poyambira pabwino chifukwa ndi dera limene mbiri yake ndi yaikulu kuposa zizindikiro zimene zatsala pamtunda. Lero ambiri akamva dzinali amaganiza za mpunga, ndipo salakwa, poti kumeneku n'kumene kuli malo a boma ofufuzira za ulimi wa mpunga komanso sikimu yothirira. Koma m'mabuku a Angerezi a zaka za m'ma 1890 dzinali linkalembedwa kuti Rifu, ndipo gombe lake analitcha Leopard Bay. Linali doko lofunika pa malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo, chifukwa chakuno nyanja ndi yopapatiza ndipo zombo zinkawoloka mosavuta kupita kwa Makanjira kutsidya. Mu 1893, chaka chimene zombo zankhondo za Pioneer ndi Adventure zinayamba kuyenda panyanjayi, asilikali a Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anathira nkhondo dera lino namangapo linga lotchedwa Fort Rifu. Dzina la ufumu wa Kuluunda, umene ulipo ku Salima mpaka lero, limatchulidwa m'nkhani za nkhondo imeneyo. Patangopita zaka ziwiri, mu 1895, Bishopu Chauncy Maples wa mpingo wa Anglican anamira boti lake litagubuduzidwa ndi namondwe m'madzi a mbali yomweyino, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota. Zonsezi zinatifika kudzera m'cholembera cha amene anapambana nkhondo ndi amene anabwera ndi mishoni. Johnston anasindikiza buku lake lalikulu lofotokoza dzikoli mu 1897, lodzaza ndi zithunzi, koma diso lake linkasankha zimene iye ankafuna kuti anthu a ku London aone. Achewa ndi Ayao a m'midzi ya m'gombeli analinso ndi nyumba, mabwalo ndi nkhokwe zawo, ndipo zimenezo zinabwerera kudothi mwakachetechete.

Kukondera kumeneku sikunathe ndi utsamunda. Taonani nyumba zimene dziko lathu limazitcha zakale ndi zoyenera kusungidwa: Mandala ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinatsegulidwa mu 1891, nyumba za mishoni ya ku Mua, imene inayamba mu 1902, Stone House ku Livingstonia. Zonsezi n'zoyenera ulemu wake, ndipo njerwa ndi miyala yake inasenzedwa ndi kusanjidwa ndi manja a makolo athu omwe. Koma zikufanana pa chinthu chimodzi: eni ake anali ndi ndalama zomangira zinthu zolimba, komanso anali ndi alembi osunga mapepala. Lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale la 1990 limapatsa boma mphamvu yolengeza kuti malo akutiakuti ndi chuma cha dziko, ndipo nthambi ya boma yoona za zipilala ndi nyumba zosungiramo zakale ndiyo imagwira ntchitoyi. Komabe lamulo limateteza chimene chadziwika, ndipo chimadziwika ndi chimene wina wachilemba. Dziko ndi lalitali, midzi ndi yosawerengeka, ndipo palibe angayembekezere kuti anthu a mu ofesi adzafika pa bwinja lililonse la kwa Kuluunda, kwa Maganga kapena kwa Makanjira. Tikangodalira zimene zaima zokha chifukwa cha kulimba kwa njerwa, mdzukulu wa mdzukulu wathu adzakhulupirira kuti m'Malawi wakale munkakhala amishoni, mabwana a boma ndi eni makampani basi, enafe tinkagona pansi pa mitengo.

Nyumba ya kwathu imafa msanga, ndipo si chifukwa chakuti inamangidwa mwaulesi. Nyumba ya mdindo, ya zidina kapena yophoma pa mitengo ndi nsungwi imakhala ndi moyo malinga ngati pali manja oisamala. Chaka ndi chaka mvula isanagwe denga limafoleredwa, amayi amazira pansi ndi kukhonde, ming'alu imamatidwa, ndipo utsi wa pamoto umapirikitsa tizilombo tofumbula phaso. Anthu akangochoka, udzu umawola, madzi amalowera pamwamba pa chipupa, chiswe chimakwera kuchokera pansi, ndipo pakatha madzinja ochepa chabe zonse zili pansi. Ngakhale mzikiti wotchuka wa ku Djenné m'dziko la Mali, umene ndi nyumba yadothi yaikulu koposa padziko lonse, waima mpaka lero chifukwa anthu a mumzindawo amasonkhana kuumata chaka chilichonse. Ku Salima kuli adani ena owonjezera. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi chinagwedeza dera lino, chinapha anthu, ndipo ena zikwizikwi anasowa pogona. Nyanja nayo sikhala malo amodzi: inaphwa kwambiri mpaka mtsinje wa Shire unaleka kutulukamo kuyambira cha m'ma 1915 kufikira 1935, inadzaza modabwitsa mu 1980, ndipo mu 2024 inalowanso m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'magombe a Salima, Nkhotakota ndi Mangochi. Mdani wotsiriza ndi wooneka wofatsa koma ndiye wachangu: chitukuko. Banja likapeza ndalama limagwetsa nyumba yaudzu n'kumanga yamalata, ndipo palibe wanzeru angalidzudzule. Malo a m'mphepete mwa madzi akugulidwa ndi anthu a m'tauni, ndipo wogula sayamba ndi kufunsa mbiri ya chipupa chimene wachipeza. Amayamba ndi mpanda.

Nanga m'nyumba yakugwa muli chiyani choti munthu aphunzire? Muli zambiri zimene mabuku a kusukulu sanazilembe. Kusintha kuchoka ku nyumba yozungulira kupita ku ya ngodya zinayi yokhala ndi khonde kumasonyeza njira zimene nzeru zachilendo zinadzera, zina ndi amalonda a Chiswahili ochokera kugombe la nyanja ya mchere, zina kuchokera ku mishoni ndi kuboma. Nyumba ya njerwa ya malata okhuthala akale, yoima yokha pakati pa nyumba zaudzu, kawirikawiri ndi ya munthu amene anapita ku Joni kapena ku Halale, nabwerako ndi njinga, galamafoni ndi sutikesi. Ulendo wa Wenela, umene Dr Kamuzu Banda anauimitsa mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown, unasiya zipilala zake m'midzi yathu momwemu, kungoti palibe anazipachika chikwangwani. Masitolo a makonde aatali okhala ndi zipinda zogona kumbuyo amakumbutsa za Amwenye amene boma linawachotsa kumidzi m'zaka za m'ma 1970 n'kuwauza kuti azichita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Nyumba zakale za anthu a njanji zimanena za chaka cha 1935, pamene sitima yapamtunda inafika ku Salima, thonje la m'dera lino n'kupeza njira yotulukira. Khomo la msodzi, ndi thandala lake loyanikapo usipa, mthunzi wosokerapo ukonde ndi bwato lakale losandulika mpando, limafotokoza chuma cha m'nyanja kuposa malipoti a mu ofesi. Ngakhale kaimidwe ka nyumba pa khomo limodzi kali ndi nkhani yake: pamene panali kuka, nyumba ya agogo mmene munkagona atsikana, pamene panali mphala ya anyamata, mmene nyumba za akamwini zinazungulirira nyumba ya apongozi. Amenewo ndi mapu a mbumba, olembedwa pansi ndi dothi.

Amene akukayika mphamvu ya chithunzi akumbukire za ku Mbombwe, ku Chiradzulu. John Chilembwe atayambitsa nkhondo yake yolimbana ndi atsamunda mu Januwale 1915, asilikali a boma anaphulitsa tchalitchi chachikulu cha njerwa cha Providence Industrial Mission. Pamalopo panangotsala maziko ndi zibuma. Koma zithunzi za tchalitchicho zinapulumuka, ndipo chifukwa cha izo palibe angatsutse kuti anthu akuda, ndi thukuta lawo ndi thandizo la abale a mpingo wa Baptist ku America, anamanga nyumba yosachita manyazi pamaso pa mishoni za azungu. Nkhope ya Chilembwe imene ili pa ndalama zathu za pepala nayonso inachokera pa chithunzi. Nthawi imeneyo kunali kale Mmalawi wodziwa kamera, Mungo Murray Chisuse, amene ankagwira ntchito yosindikiza mabuku ku Blantyre Mission ndipo ankajambula anthu a mtundu wake atavala ndi kuima monga iwo eni anafunira. Wolemba mbiri John McCracken anafufuza ndi kulemba za ntchito yake. Ojambula a masiku amenewo ankasenza bokosi lolemera ndi magalasi osachedwa kusweka. Ife kamera ili m'thumba pamodzi ndi makiyi ndi ndalama ya minibasi, ndipo tikamathera batire pa mbale ya chambo ku Senga Bay, bwinja la agogo lili poteropo, tilibe pothawira.

Pali chotsutsa cholemera chimene sichiyenera kupeputsidwa. Mwambo wa Achewa sunkafuna kuti nyumba ikhale mpaka muyaya. Mwini nyumba akamwalira, m'madera ambiri nyumba yake inkagwetsedwa maliro atatha, kuti mzimu upite kwa anzake ndipo otsala ayambe moyo wina. Midzi yathunthu inkasamuka nthaka ikaguga, imfa zikachuluka kapena abale akayambana. Kwa makolo, munthu ankasungidwa m'dzina limene mdzukulu walowa, m'manda a mbumba ndi m'nkhani za pamoto, osati m'chipupa. Ndiye wina angafunse kuti: kodi kulirira makoma si nthenda yobwera, yotengera kwa anthu amene amalemekeza miyala kuposa anzawo? Funsoli lili ndi choona chake, ndipo n'chifukwa chake sindikunena kuti bwinja lililonse litchingidwe ndi waya n'kuikidwa mlonda. Nyumba imene mwambo wati igwe, igwe. Koma njira yakale yosungira mbiri inkadalira zinthu zimene zikutha: mbumba yokhala pamodzi, agogo ogona ndi adzukulu, madzulo aatali opanda wailesi kapena foni. Lero mdzukulu amene analowa dzina ali ku Area 25 kapena ku Johannesburg, ndipo kumudzi amafikako pa maliro pokha. Chithunzi sichilimbana ndi mwambo wogwetsa nyumba, chifukwa sichiimitsa khoma ngakhale tsiku limodzi. Chimangogwira ntchito imene inkagwiridwa ndi mtengo wa mango wa pabwinja, woti agogo akamadutsa ndi mwana aloze n'kunena kuti apa ndi pamene anabadwira amako. Ndipo ngati eni mbumba akana kuti nyumba ya malemu ijambulidwe, kukana kwawo ndi lamulo. Wojambula abweze foni m'thumba, athokoze, azipita.

Chowawa kwambiri ndi china. Dziko lino lajambulidwa mokwanira ngati dziko la umphawi. Zithunzi za denga lodontha, mwana wausiwa ndi khoma long'aluka zakhala zikupita kunja kukapemphera thandizo, eni nkhope osadziwa n'komwe kumene zinathera. Palinso mtundu wa ojambula amene amakonda zakugwa chifukwa dzimbiri ndi ming'alu zimaoneka bwino dzuwa likamalowa. Kwa iwo nyumba ya munthu ndi chokometsera chithunzi basi. Munthu wa ku Lifuwu akaona mlendo akulozetsa kamera pa nyumba ya malemu mayi ake ali ndi chifukwa chokwanira chokwiyira, makamaka ngati kugwa kwa nyumbayo kukumunenera kuti analephera kuikonza. Mankhwala a nkhawa imeneyi si kusiya kujambula, koma kusintha wojambula ndi cholinga chake. Chimene chimasiyanitsa chithunzi chochititsa manyazi ndi chithunzi cholemekeza ndi dzina. Chipupa chopanda dzina chimangouza woona kuti anthu awa ndi ovutika. Chipupa chomwecho, pansi pake patalembedwa amene anachimanga, chaka chake, kumene anapeza ndalama ya malata, ana amene anakuliramo ndi chimene chinasamutsa banjalo, chimanena za munthu amene anagwira ntchito nakhala ndi pake. Woyenera kuyamba ntchitoyi ndi mwana wa pakhomo pomwepo, mphunzitsi wa sukulu ya m'deralo ndi ophunzira ake, kapena wojambula wa pamsika amene amatola kale zithunzi za maukwati ndi ziphaso. Wakunja sakuletsedwa. Mu 2014 katswiri wa zomangamanga wa ku America, Jon Sojkowski, anayendayenda m'dziko lino kujambula nyumba zakumudzi n'kuziika pa intaneti, ndipo ntchito yakeyo ndi yothandiza. Koma iye ankafuna kamangidwe. Woti angadziwe kuti chipinda chakumanzerecho ndi mmene ankabisalamo malume pothawa amesenjala a msonkho ndi mwini bwinja yekha.

Ena adzangoti: anthu akusowa feteleza ndi mankhwala, inu mukukamba za zithunzi? Enanso adzati chithunzi chimapusitsa, chimachititsa munthu kumva ngati wapulumutsa nyumba pamene wangoisiya ikugwa. N'zoona, chithunzi sichifolera denga. Koma mtengo wake ndi wochepa moti sichilanda nsima pakamwa pa munthu, ndipo nthawi zina ndicho chimakhala pogwira pomanganso. Manda a mafumu a Buganda ku Kasubi, mumzinda wa Kampala, nyumba yaikulu ya mitengo, bango ndi udzu, anapsa ndi moto mu Malichi 2010. Manda a akuluakulu achipembedzo ku Timbuktu anagumulidwa ndi zigawenga mu 2012. Malo onse awiriwa anamangidwanso, ndipo amisiri anadalira luso la akuluakulu odziwa kamangidwe kake pamodzi ndi zithunzi ndi miyeso imene ena anatenga nyumbazo zikadali chiimire. Kwathu kuno phindu lina lili pafupi kuposa pamenepo. Milandu ya malo si yachilendo m'mphepete mwa nyanja, ndipo chikhazikitsireni lamulo la malo a makolo la 2016, limene limalola mabanja kulembetsa malo awo, funso loti ndani anayamba kukhala pano lalemera. Chithunzi cha bwinja, mitengo yobzala ndi malire a khomo, chokhala ndi tsiku ndi mayina a akuluakulu amene analipo pojambula, sichilowa m'malo mwa mawu a mfumu, koma chingathe kuwachirikiza pamene mbonizo zidzakhale zitagona.

Tsono kajambulidwe koyenera kamayamba kamera isanatuluke. Bwinja, ngakhale litamera tsekera mpaka m'chiuno, lili ndi mwini wake. Wojambula ayambe kwa nyakwawa, ndipo iwo amulozera kwa mwini mbumba, amene kawirikawiri ndi malume kapena mayi wamkulu wa banjalo, poti kuno malo ambiri amatsata kuchikazi. Afotokoze chimene akufuna, kumene zithunzi zidzapite, ndiponso ngati zidzaikidwe pa Facebook kapena ayi, chifukwa kumulola munthu kujambula si kumulola kuonetsa dziko lonse. Manda ndi nkhani ina. Kumanda sikupitidwa wamba, m'midzi ya Achewa nthawi zambiri ndi komwe kuli dambwe, ndipo wolowako ndi kamera osauzidwa amadziputira mlandu woti sangauthe ndi kupepesa kwa pakamwa. Chilolezo chikapezeka, asapite yekha. Apite ndi wamkulu amene anagonamo m'nyumbayo kapena amene ankapalako moto, ndipo foni yomweyo itepe mawu ake pamene akuloza ndi ndodo kuti apa panali nkhokwe, apa khola la mbuzi, apa pamene tinkasinjira. Chithunzi popanda mawu amenewo n'chosakwanira. Asachotse kanthu, ngakhale phale kapena loko wadzimbiri, asasunthe zinthu kuti zioneke bwino, ndipo asatsamire chipupa: mabwinja ndi kwawo kwa njoka, mavu ndi njuchi, komanso khoma la zidina lonyowa silichenjeza likamagwa.

Nyengo ndi dzuwa zili ndi mbali yake. M'dzinja udzu umabisa chilichonse, choncho nthawi yabwino ndi kuyambira Juni mpaka Okutobala, pamene thengo lauma kapena lapsa ndipo maziko akuonekera, ngakhale kuti chakumapeto kwake fumbi ndi utsi wa lupsa zimadzetsa chimbuuzi. Lifuwu ali kugombe la kumadzulo, ndiye dzuwa limatulukira panyanja. M'mawa kuwala kumadza chopendekera n'kuonetsa mizere ya mdindo, zala za amene anamata dothi ndi kasanjidwe ka njerwa, zimene dzuwa la masana limazifafaniza, pansi pa khonde n'kungoda bii. Chipupa choyang'ana kuzambwe chidikire madzulo. Choyamba chikhale chithunzi cha patali chosonyeza khomo lonse pamodzi ndi chinthu chosasuntha, phiri kapena mlambe, kuti wodzabwera patapita zaka 50 adzapeze malowo ngakhale nyumba itatha. Gombe lisadaliridwe, poti taona kale kuti limayenda. Kenako mbali zinayi zonse, wojambula ataima molunjika, foni itagwiridwa mowongoka kuti makoma asaoneke ngati akugwera kumbuyo, ndipo ndodo yotalika mita imodzi itaima pambali kuti kukula kwa nyumba kudziwike. Pambuyo pake zing'onozing'ono: mmene phaso linamangidwira ndi luzi, chizindikiro cha kampani pa lata, chaka cholembedwa ndi chala pa simenti ya pakhomo, manambala amene ankalemba pachitseko owerenga anthu kapena opopera udzudzu, kalendala yotsalira kukhoma. Izi n'zimene zimatchula chaka pamene anthu aiwala. Zosinthira mtundu wa chithunzi zimene zili mu foni zisiyidwe, chifukwa mboni sikometsera nkhani. Eugène Atget, amene anatha zaka pafupifupi 30 akujambula misewu, makomo ndi masitepe a Paris wakale mpaka imfa yake mu 1927, ankaona zithunzi zake ngati zosungira umboni chabe ndipo ankazigulitsa kwa amisiri ndi ku nyumba zosungiramo zakale. Ulemu wa ukatswiri anamupatsa ndi anthu a pambuyo pake.

Pamene ambiri amagwera ndi posunga. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imafa. Kakhadi kosungira zinthu kamawonongeka mosayembekezeka. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse chimafinyidwa, chimataya kuoneka bwino kwake pamodzi ndi zobisika m'kati mwake zonena tsiku ndi malo, pokhapokha chitatumizidwa ngati fayilo. Motero chithunzi chimene chili pamalo amodzi chili pangozi yofanana ndi ya nyumba imene chikuimira. Chikhale mu kompyuta, chikhale pa intaneti, koma koposa zonse chitsukidwe papepala, ndipo kumbuyo kwake kulembedwe ndi pensulo dzina la mudzi, mfumu yaikulu, mwini nyumba, wofotokoza, wojambula ndi tsiku. Pepala silifuna batire kapena netiweki. Nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko ku Zomba, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, ndi Kungoni ku Mua, imene Bambo Claude Boucher anaiyambitsa mu 1976, ndi malo amene ntchito yake ndi kusunga zinthu zotere, ndipo palibe choletsa kuti sukulu kapena ofesi ya mfumu ikhale ndi buku lakelake la mabwinja a m'dera lake. Koma chithunzi choyamba kutsukidwa chibwerere kumene chinatengedwa, chikaperekedwe m'manja mwa mayi wamkulu wa mbumba ija. Iwo ndi amene adzachiike pakati pa ziphaso ndi mabuku a kuchipatala m'sutikesi ya pansi pa bedi, kapena kukhoma la nyumba yatsopano yamalata. Ndi iwonso amene adzaone cholakwa pa zolembedwa kumbuyo, n'kumuuza wojambula kuti afufute, chifukwa nyumbayo sanamange ndi amuna awo ayi, anamanga ndi alongo awo atabwerako ku Joni.